Momwe mungajambulire nkhwazi ndi akabawi ali m'malere

Nkhwazi yotera pamtengo aliyense akhoza kuijambula, ngakhale ndi foni. Ntchito imakula ikatambasula mapiko. Ine ndazitsatira mbalamezi ndi kamera ku Cape Maclear, ku Senga Bay ndi mumtsinje wa Shire ku Liwonde, ndipo chomwe chinandivutitsa kwambiri ndi kuyeza kuwala, choncho ndikhalitsa pamenepo.

Choyamba ndi zida. Mukufunika kamera yosintha ma lens ndi lens yofika 300mm. Ya 70-300mm yogwirako kale ntchito ndi yokwanira poyambira, ndipo mtengo wake sufika ndi theka lomwe la zija zazikulu za 400mm kapena 600mm. Koma musanapereke ndalama, chotsani zivindikiro za lens mbali zonse ziwiri n'kuwalitsa tochi ya foni m'kati. Mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, chimakonda malo a chinyezi ngati kunyanja, ndipo wogulitsa sadzakuuzani. Chenjeraninso ndi ma memory card otchipa a m'misika. Ena amalembedwa 128GB pomwe m'kati mulibe malo otero, zithunzi zimaoneka ngati zalowa koma pa kompyuta sizitseguka. Mukagula, idzazeni kaye ndi mafayilo kunyumba muone ngati onse akutseguka.

Kenako ikani kamera pansi, muziyang'ana khalidwe la mbalamezo. Nkhwazi imakhala ndi mitengo yake yomwe imakonda, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimateteza dera limodzi chaka ndi chaka. Yaikazi ndiyo yaikulu, mapiko ake akatambasuka amapitirira mamita 2. Nkhwazi ikamalira imaponya mutu chagada, ngakhale ili m'malere, ndipo chithunzi chimenecho ndi chomwe ine ndimachifuna kuposa chogwira nsomba. Akabawi ndi miimba sachita phuma m'mawa. Amadikira dzuwa litenthetse nthaka, cha m'ma 9 kapena 10 koloko, mpweya wotentha uyambe kukwera, ndiye amaukwera mozungulira osakupiza mapiko. Nthawi yabwino ndi pomwe angoyamba kumene kuzungulira, akadali pafupi. Pofika masana amakhala atasanduka timadontho. Akabawi a mlomo wachikasu ndi mchira wa mphanda, aja amalanda anapiye, amachuluka kuyambira cha mu Ogasiti ndipo amapezeka ngakhale pamwamba pa misika ya m'tauni.

Poima, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo ngati n'kotheka mphepo nayonso. Mbalame imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, ndiye mphepo ikamakuombani kumsana, mbalameyo imabwera chakumaso kwanu ndipo liwiro lake limachepa. Nyengo ya mwera, pakati pa Juni ndi Ogasiti, boti limagwedezeka kwambiri, choncho nyamukani mamawa nyanja isanakalipe.

Shutter (nthawi yomwe kamera imatseguka pojambula) ikhale 1/2000 ya sekondi, aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala mu lens) f/8, focus ikhale yotsatira chinthu choyenda, yomwe ndi AF-C ngati muli ndi Nikon kapena Sony, AI Servo ngati ndi Canon, ndipo kamera iziwombera zithunzi motsatizana mukadina batani.

Tsopano kuwala. Ulendo wanga woyamba wopita ku chilumba cha Thumbi ndinalipira boti, ndinagula nsomba, mnyamata woyendetsa boti anaimba likhweru n'kuponya nsomba yolowetsedwa kabango kuti iyandame. Nkhwazi inatsika kanayi konse, pafupi kwambiri moti ndinkamva mphepo ya mapiko ake. Madzulo nditatsegula zithunzi, mtima unandiwawa. Zomwe mbalame inali kuthambo zinali zakuda bii, nthenga osaoneka. Zomwe inali itatsika kutsogolo kwa mitengo ya pachilumba, mutu ndi chifuwa zinali mbee ngati pepala, diso lokha likuoneka.

Chinachitika n'chakuti ndinasiyira kamera kuti iziyeza yokha kuwala. Kamera imayang'ana chithunzi chonse, osati mbalame yokha. Ikaona thambo lowala imachepetsa kuwala, mbalame n'kuda. Ikaona mitengo yakuda imawonjezera, nthenga zoyera n'kupserera. Ndiye nkhwazi imachoka kuthambo, kudutsa mitengo, kufika pamadzi m'masekondi ochepa chabe, pomwe dzuwa lomwe likuiwalira silinasinthe n'komwe. Ndipo nkhwazi ndi yovuta mwapadera chifukwa mutu ndi woyera, mimba yofiirira, mapiko akuda, zonse pathupi limodzi.

Mankhwala ake ndi kuika kamera pa M, pomwe shutter ndi aperture mumasankha nokha, ISO (nambala yomwe ikakwera chithunzi chimawala kwambiri) nayo mwaikhazika nokha, osati Auto. Dzuwa likawala bwino ndimayambira pa 1/2000, f/8, ISO 400. Kenako ndimajambula chinthu choyera chomwe chili padzuwa lomwelo, kaya kakowa ali pamwala, kaya malaya oyera a munthu wa m'boti. Yatsani Highlights pa kamera yanu, kuti malo opserera aziphethira pa sikirini. Akaphethira, tsitsani ISO pang'ono, jambulaninso, mpaka asiye. Pamenepo musakhudzenso kanthu, kaya mbalame ili kuthambo kaya pamadzi. Nthenga zakuda mukhoza kuziwalitsa pa kompyuta, makamaka ngati mwajambula mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona), koma zoyera zikapserera sizibwereranso. Mtambo ukaphimba dzuwa, yezaninso. Kwa kabawi yemwe ali pamwamba penipeni, mukuona kunsi kwa mapiko komwe kuli mthunzi, onjezerani kuwala ndi sitepe imodzi, monga kuchotsa ISO pa 400 kuika pa 800. Akamauluka pamwamba pa mchenga woyera zimakhala bwino, chifukwa mchengawo umabwezera kuwala kunsi kwa mapiko.

Pa za boti, mtengo mukambirane muli kumtunda, mugwirizane ngati nsomba zili momwemo komanso maola angati, ndipo musaiwale kuti kuzilumba za ku Cape Maclear n'kudera la Lake Malawi National Park, kuli ndalama yolowera. Muuzeni woponya nsomba aponye mbali yomwe dzuwa lili kumbuyo kwanu. Ine sindilola kuponya nsomba zambiri. Zitatu kapena zinayi zakwana, mbalame ikakhuta sitsikanso, komanso si bwino kuizoloweza kudalira maboti. Chisa musachiyandikire.

Musanawononge ndalama ya boti, phunzirani padoko pomwe asodzi amatsitsira usipa. Pamakhala mbalame zoyera za mutu wotuwa ndi milomo yofiira, zomwe pa Chingerezi amati grey-headed gull. Zimauluka pang'onopang'ono, zimabwerera malo omwewo, ndipo kuyera kwake kumakuphunzitsani za kuwala zija. Amene muli kutali ndi nyanja, akhwangwala a chifuwa choyera amagwira ntchito yomweyo.

Zotsalazi n'zachizolowezi. Zigongono zigunde nthiti, tembenukani ndi chiuno, ipezeni mbalame ikadali patali lens isanakokedwe yonse, kenako kokani. Musasiye kuitsatira mukadina batani. Siyani malo kutsogolo kwa mlomo. Pofika kunyumba fufutani zonse zomwe diso silikuoneka bwino, ndipo zidzakhala zambiri. Kamera ipukuteni, lens muisunge m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato.