Momwe mungamangire turbo pa Toyota 3L osawotcha hedi

Hilux kapena Hiace ya injini ya 3L (ya dizilo, ya malita 2.8) ikasenza katundu imafooka pa chikweza. Pa Chiweta kapena pa Khwekhwerere dalaivala amatsitsa magiya mpaka lachiwiri, phazi lili pansi, kumbuyo utsi uli tolotolo. Chimene chikusowa pamenepo si dizilo koma mpweya. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 alionse amene mwakwera, ndiye ganizirani ku Dedza, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wa ku ekizozi n'kumakankhira mpweya wochuluka m'masilinda. Kuimanga sikovuta kwenikweni. Pamene anthu amaphera injini ndi pa sikuluu ya mafuta ya pa pampu ya dizilo, yomwe imachulukitsa kapena kuchepetsa dizilo wolowa mu injini.

Yambani ndi kuyeza injini yomwe muli nayo. Makaniko ayeze kompuresheni ya masilinda onse anayi, ndipo ma nozzle (opopera dizilo mu injini) apite kwa okonza mapampu akaone ngati akupopera bwino. Tsegulani chitsekero cha oyilo injini ikulira: ngati ikufwenthera utsi wambiri pamenepo, maring'i atha, ndipo turbo idzangofulumizitsa imfa yake. Redieta itsukidwe, themositati ndi fani zikhale zabwino, lamba wa timing akhale watsopano ngati wayandikira makilomita 100,000. Musanyozere zimenezi. 3L ili ndi kompuresheni yokwera, 22.2:1, ndipo dizilo amayamba kuyakira m'tizipinda ta mu hedi (chivindikiro cha pamwamba pa masilinda), choncho kutentha konse kumaunjikana momwemo. Ngakhale injini za Toyota za 2L-T ndi 2L-TE, zomwe zinachoka kufakitale zili ndi turbo kale, zimadziwika ndi kung'ambika hedi zikatenthedwa.

Turbo yosavuta kuipeza ndi CT20 ya pa 2L-T, pamodzi ndi manifold yake, yomwe imasonkhanitsa utsi wa m'masilinda n'kuupititsa ku turbo. Pogula yakale gwedezani shafiti ndi zala. Kusewera pang'ono chammbali n'kololedwa, koma ikamalowa ndi kutuluka, kapena mapiko ake akamakhudza m'mbali, isiyeni. Musakopeke ndi turbo yaikulu ya pa lole. Pa injini ya malita 2.8 imachedwa kudzuka, ndipo pa marevu otsika, pamene mukuifuna kwambiri, siikupatsani kanthu.

Oyilo wopita ku turbo mungamutenge pomwe pali switch ya oyilo, pomangapo cholumikizira cha nthambi ziwiri. Wobwerera ndiye amafuna chisamaliro, chifukwa alibe chomukankha, amangotsika yekha. Paipi yake ikhale yonenepa, yotsetsereka popanda kupindika, ndipo ilowe mu sampu pamwamba pa mulingo wa oyilo. Chotsani sampu poboola kuti tizitsulo tisagwere mkati. Musanalize injini koyamba, thirani oyilo pang'ono pakamwa polowera oyilo pa turbo n'kuzunguza shafiti ndi chala. Mangani mapaipi a mpweya ndi makilampu olimba, ikani ekizozi ya mainchesi 2.5, ndipo ngati thumba likulola onjezani intercooler, yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo usanalowe mu injini.

Kenako mageji awiri: ya boost, yoyeza mphamvu ya mpweya womwe turbo ikukankha, ndi ya EGT, yoyeza kutentha kwa utsi. Ine ndinganene kuti amene alibe ndalama ya geji ya EGT sanakonzeke kumanga turbo. Geji ya madzi ya pa dashibodi imadzuka mochedwa, pisitoni itapsa kale. Kachitsulo koyezera kalowe mu manifold utsi usanafike pa turbo. Mukaika kachitsuloko kuseri kwa turbo kamaonetsa nambala yotsika ndi madigiri oposa 100 a Celsius, n'kukunamizani.

Tsopano yendetsani galimoto pampu musanaikhudze n'komwe. Wastegate, valavu ya pa turbo yoletsa boost kupitirira muyeso, itseguke pa 7 psi, yomwe ndi pafupifupi theka la bar. Mudzaona utsi wachepa ndipo EGT yatsika, chifukwa pa injini ya dizilo mpweya wochuluka umaziziritsa, pomwe dizilo wochuluka amatentha. Kwerani chikweza chimene mumachidziwa muli ndi katundu, lembani nambala zomwe mageji aonetsa.

Pampu ya 3L ndi ya mtundu wa VE. Sikuluu ya mafuta ili kumbuyo kwake, mbali yomwe kumatulukira mapaipi a ma nozzle, ndipo imagwiridwa ndi nati. Ikani chizindikiro cha penti pomwe ili kuti mudzathe kubwerera. Masulani nati, lowetsani sikuluu gawo limodzi la magawo 8 a mzunguliro umodzi, mangani nati, basi. Marevu a poima akakwera, atsitseni ndi sikuluu yake ya idle. Pochita izi pakhale munthu wachiwiri atagwira thabwa lophwathalala, paipi yolowera mpweya ili yomasula, chifukwa sikuluu ikalowa mopitirira injini ikhoza kuthamanga yokha, ndipo njira yodalirika yoizimitsira ndi kuitseka mpweya. Chikhatho ayi, thabwa.

Bwererani pa chikweza chomwe chija. EGT isapitirire madigiri 650 a Celsius pamene mukukoka nthawi yaitali, ndipo utsi ukhale wopyapyala. Ikafika pamenepo kapena utsi ukada, bwezani sikuluu. Ngati malo adakalipo, onjezani kagawo kena. Ntchitoyi imadya tsiku lathunthu, musaithamangire.

Mukaona kuti imafuka ponyamuka koma pamwamba ili bwino, chifukwa chake n'chakuti pampu ya 3L ilibe boost compensator, kachipangizo kamene kamabweza mafuta mpaka turbo itadzuka. Okonza mapampu angakumangireni kochokera pa pampu ya 2L-T. Amene muli ndi injini ya 5L-E dziwani kuti pampu yanu imalamulidwa ndi kompyuta, njira ya sikuluu iyi si yanu.

Kuyambira pano sinthani oyilo pa makilomita 5,000 alionse, ndipo mukafika kuchokera paulendo wolemetsa isiyeni injini ilire mphindi ziwiri musanazimitse, kuti oyilo asapserere mu turbo. Kilatchi ikayamba kutereza pa giya lachinayi mukaponda, ikani yatsopano yolimbirapo.