Anivesale ku Dublin: mmene mungayendere awiriwiri osabwerako mutakwiyirana

Ngati mwagwirizana kuti chaka chino anivesale simukaidyera ku Siavonga kapena ku Livingstone koma mukufuna kuuluka mpaka ku Dublin, musayambe ndi kusaka hotelo ayi, yambani ndi viza. Ife a pasipoti ya Zambia timafunika viza ya Ireland, ndipo apa mpamene ambiri amasokonezeka, viza ya UK sikulowetsani ku Dublin, ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, nayonso ayi chifukwa Ireland ili mu EU koma mu Schengen mulibemo. Komanso Belfast ngakhale ili pa chilumba chomwecho ndi ya UK, ndiye musamati poti basi imangodutsa popanda geti nafenso tikwereko tikaone, opanda viza ya UK mukhala mwaphwanya lamulo. Fomu imalembedwa pa intaneti pa webusaiti ya viza ya Ireland yotchedwa AVATS, aliyense yake, palibe zoti ndife banja tilemba imodzi. Embase ya Ireland ili konkuno pa Katima Mulilo Road koma tsatirani zomwe pepala lotuluka mukamaliza fomu likunena za kokapereka mapepala. Amafuna masitetimenti a ku banki a miyezi 6, kalata ya ku ntchito yosonyeza kuti muli pa livu ndipo mubwerera, komwe mukagone, ndi setifiketi ya ukwati muikepo. Ndalama za chilimba musakaziponye mu akaunti sabata yofunsira viza popanda kufotokoza, ndalama yaikulu yongotulukira amafunsa kuti yachokera kuti. Yambani pakadali miyezi iwiri kapena itatu, tikiti ya ndege mugule viza itatuluka.

Ndege yochoka pa Kenneth Kaunda mpaka Dublin osatera kwina kulibe, musintha ku Dubai ndi Emirates kapena ku Doha ndi Qatar Airways, ndipo ndi ulendo woti mukafika muli mbuu, tsiku loyamba musalilembere chilichonse. Ku eyapoti ya Dublin kulibe sitima, mukwera basi ya Aircoach kapena Dublin Express kulowa m'tauni, ndi makilomita 10 chabe. Zabwino zake, mapulagi ndi omwewa a mano atatu, galimoto zimayenda kumanzere ngati kuno, madzi a pa mpopi amamweka. Ndalama ndi yuro ndipo khadi imagwira pafupifupi paliponse, bola muuze banki yanu musananyamuke kuti asakutsekereni muli pa tilu.

Nyengo ndiyo nkhani. Chomwe eni ake amati chilimwe, Juni mpaka Ogasiti, chimakhala pa madigiri 15 mpaka 20, titi mmawa wa Juni wa Lusaka koma wothira kamvula kowaza komwe kamabwera, kusiya, kubweranso tsiku lomwelo. Ambulera mphepo imaitembenuza, tengani jekete ya mvula yokhala ndi chipewa ndi nsapato zoyendera, amayi mahilu asungireni usiku umodzi wa dina basi chifukwa misewu ina ndi ya miyala. Ubwino wa Juni ndi woti dzuwa limalowa pafupifupi 22hrs, mumayenda mpaka kuiwala kuti ana kunyumba anagona kale, poti kuno timakhala patsogolo ndi ola limodzi nthawi imeneyo, maola awiri nthawi yozizira. Ngati munakwatirana mu Disembala ngati ambiri a ife, dziwani kuti 16:30 kwada kale, ine ndingati sunthani ulendowo, tsiku la ukwati mukondwerere kuno, Dublin mupite Meyi kapena Sepitembala mitengo ya mahotelo isanapenge kapena itatsikako. Sabata ya 17 Malichi, ya St Patrick, ndi ya phokoso ndi mitengo yokwera, si ya anthu awiri ofuna kumvana.

Manje nkhani yeniyeni. Chimayambanitsa banja pa ulendo ngati uwu si ndalama kwenikweni, ndi pulogalamu. Mmodzi, nthawi zambiri amene walipira tikiti, amafuna yuro iliyonse ibweze, 7 koloko mmawa ali chiimire ndi mndandanda wa malo asanu ndi atatu, winayo miyendo yatupa akungofuna kukhala pansi ndi tiyi nkumaona anthu. Pofika masana kuyankhulana kwatha, mafoto onse nkhope zili gwa. Ndiye chitani chonchi, malo olipira amodzi pa tsiku, lero asankha bambo mawa asankha mayi, wosankhidwira sadandaula, zina zonse zikhale zoyenda pansi ndi zaulere. Dublin pakati pake ndi yaing'ono, mtsinje wa Liffey umaidula pawiri ndipo zambiri zili mtunda woyenda ndi miyendo. Zokwera gulani Leap Visitor Card, ilipo ya tsiku 1, masiku 3 kapena 7, imagwira pa basi, pa tramu ya Luas ndi sitima ya DART. Opanda khadiyo basi imafuna makoini okwanira ndendende, dalaivala sabweza chenji ndipo kulibe kondakitala woti mukangane naye.

Pa zolipirazo, yoyamba kubukitsa ndi Kilmainham Gaol, ndende yakale, chifukwa matikiti amatuluka pa intaneti masiku 28 tsikulo lisanafike ndipo satenga nthawi kutha. Mudzati ndende pa anivesale? Pitani chabe. Mu kachalichi ka m'ndendemo ndi mmene Joseph Plunkett, mmodzi wa atsogoleri a kuukira ulamuliro wa Britain mu 1916, anakwatirana ndi Grace Gifford usiku wa pa 3 Meyi, asilikali ataima pompo, mmawa wake pa 4 Meyi Joseph anamuwombera pabwalo la ndende yomweyo. Wokuyendetsani amafotokoza nkhaniyi mutakhala pa mabenchi a kachalichi komweko, kenako amakutulutsani kukaona bwalolo, makoma ataliatali a miyala yotuwa ndi mtanda waung'ono wakuda pansi. Grace sanakwatiwenso, ndipo mu 1923 nayenso anatsekeredwa m'ndende yomweyo nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, chipinda chake amakuonetsani. Kwa ife amene tinakula tikumva za Cha Cha Cha ndi omenyera ufulu, nkhani zake sizachilendo. Mukatuluka musathamangire kwina, pezani pokhala mumwe kenakake kotentha.

Trinity College, yomwe inayamba mu 1592, ndi kumene kuli Book of Kells, mauthenga anayi a Mateyu, Maliko, Luka ndi Yohane omwe amonke analemba ndi kujambula pamanja pa zikopa za ana a ng'ombe cha m'ma 800. Kunena zoona bukulo mumaliona mphindi zochepa, lili mu galasi atatsegula malo amodzi ndipo anthu ali mbwee kumbuyo kwanu, chomwe chimagwira mtima ndi Long Room, laibulale ya mamita pafupifupi 65 ya denga la matabwa lopindika, ngakhale mabuku ambiri anawachotsamo kuti awakonze. Ngati mwa awirinu palibe wokonda zakale, ndalama imeneyo isungeni, lowani m'bwalo la koleji mwaulere mujambulitse muzipita. Guinness Storehouse, nyumba yoonetsera mbiri ya mowa wa Guinness ku St James's Gate, ndi ya abambo ambiri, kumeneko Arthur Guinness anasaina lendi ya zaka 9,000 mu 1759 pa mapaundi 45 pa chaka, nkhani yoti landilodi wa ku Kabwata akaimva akhoza kudwala. Mumakwera nsanjika ndi nsanjika mpaka pa Gravity Bar pomwe mzinda wonse umaoneka, tikiti imabwera ndi chakumwa chimodzi ndipo osamwa mowa amapatsidwa cha softi, ndiye a mpingo musadandaule.

Zaulere ndi zambiri mwina kuposa zolipira. National Gallery, National Museum ya pa Kildare Street komwe kuli golide wakale ndi mitembo ya anthu yomwe inasungika m'madambo zaka zoposa 2,000, Chester Beatty ya mabuku ndi zojambula zakale pafupi ndi Dublin Castle, konseko mumangolowa, ndipo awa ndi malo othawirako mvula ikayamba. Dzuwa likatuluka siyani zonse, tsikani Grafton Street mukumvera oimba a mumsewu mpaka mu paki ya St Stephen's Green, mugule masangweji mukhale pa benchi pafupi ndi dziwe. Phoenix Park ndi yaikulu mahekitala 707, muli agwape ongoyendayenda omwe saloledwa kudyetsedwa, nyumba ya pulezidenti wa dzikolo, ndi mtanda waukulu woyera pomwe Papa John Paul II anachitira misa mu 1979, zaka 10 asanabwere kuno pamalo pomwe lero timati Pope Square. Ndi miyendo simungaimalize, pa geti pali ochita lendi njinga.

Tsiku lenileni la anivesale ine ndingaliyale chonchi, ndipo ili lokha musaliikire tikiti ina iliyonse. Mmawa pitani ku Whitefriar Street Church, tchalitchi cha a Carmelite, khomo lake lili pa Aungier Street ndipo mukhoza kulidutsa osadziwa chifukwa kunja sikuoneka ngati tchalitchi. Mkati, cha kudzanja lamanja, muli kaguwa ka Valentine Woyera, chiboliboli chovala zofiira ndipo pansi pake kuseri kwa zitsulo kuli bokosi lomwe muli zotsala za thupi lake, mphatso yomwe Papa Gregory XVI anapatsa wansembe John Spratt, inafika mu Dublin mu 1836. Pambali pamakhala buku lomwe anthu amalembamo mapemphero, wina akupempha mwamuna, wina akuthokoza zaka za banja, wina akungoti tithandizeni tisasiyane, zilankhulo zosiyanasiyana tsamba limodzi. Lembanimo m'Chinyanja, palibe akuletseni. Olo musakhale a Katolika khalani pansi mphindi khumi, polowa salipiritsa. Pa 14 Febuluwale amadalitsa mphete za omwe akufuna kukwatirana.

Kuchoka apo kwerani DART pa Tara Street kapena Connolly yopita ku Howth, theka la ola, muonetsetse kuti yalembedwa Howth osati Malahide chifukwa njanji imagawikana panjira. Howth ndi kamudzi ka asodzi, kwa ife opanda nyanja ya mchere apa mpamene ulendo umakoma, fungo la nsomba, maboti, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. M'mbali mwa doko nthawi zambiri mumatumphuka nyama za m'nyanja zotchedwa seal, amatulutsa mutu wakuda wonyezimira nkumakuyang'anani ndi ndevu zawo kudikira chakudya. Gulani fishi ndi chipisi mukadyere pa khoma la doko koma phimbani pepalalo ndi dzanja, mbalame za kumeneko zimatsomphola nsomba m'manja mukuona, ine ndinaona ina itanyamula chidutswa chonse cha bambo wina amene amajambula akazi ake, mayiwo kuseka mpaka kukhala pansi. Pali njira ya pamwamba pa maphedi yomwe imakufikitsani poonera nsanja ya nyali yotsogolera zombo ya Baily, yaifupi yake ndi maola awiri osathamanga, malo ena ndi yopapatiza ndipo mulibe mpanda, mvula ikagwa kapena mmodzi akamaopa phompho musakakamizane, kuyenda pa doko mpaka ku nyali yaing'ono nkokwanira.

Madzulo mubwerere m'tauni muwoloke Ha'penny Bridge, kamlatho koyera kachitsulo ka 1816 komwe kale ankalipiritsa theka la peni powoloka. Foto ya anivesale ndi apa, dzuwa likamalowa, pemphani wodutsa akujambuleni, anthu ake ndi ochezeka. Zokhoma loko pa mlathowo ngati chizindikiro cha chikondi zisiyeni, a khonsolo amadula chifukwa zimaononga chitsulo. Dina bukitsani pasadakhale ndipo funsani early bird, malesitilanti ambiri amatsitsa mtengo mukadya cha m'ma 17hrs kapena 18hrs, chakudya chomwecho. Nenani pobukitsa kuti ndi anivesale. Tipu ndi cha pa 10 peresenti ngati sanaiike kale pa bilu. Temple Bar, dera la mapabu, ili pompo mukangotsika mlatho, dutsanimo muone koma osakhazikika, mitengo yake ndi ya alendo. Nyimbo zenizeni za chi Irish, anthu atangokhala pakona ndi vayolini ndi zitoliro popanda siteji, zili ku The Cobblestone ku Smithfield kapena kwa O'Donoghue's pa Merrion Row. Mu pabu mumaitanitsa nokha pa kauntala nkulipira pompo, mukakhala pa tebulo kudikira weta mudikira mpaka atseke, ndipo oimba akayamba nyimbo yodekha anthu amatsitsa mawu, nanunso tsitsani.

Mphatso, ngati abambo mukufuna kuchita zinthu zoti amayi akazifotokoze ku kitchen party chaka chonse, ndi mphete ya Claddagh, manja awiri atagwira mtima wovala korona, inachokera ku Galway koma m'mashopu a Dublin ilipo, ya siliva siyodula kwambiri. Wokwatiwa amaivala kudzanja lamanzere nsonga ya mtima italoza kwa iye mwini. Pogula funsani fomu yobwezera VAT popeza mukutuluka mu EU. Ndipo nsima ikakusowani, poti imasowa ndithu pakapita masiku a mbatata za kachewere ndi buledi, Moore Street pafupi ndi Spire, chipilala chachitsulo cha mamita 120 pa O'Connell Street, kuli mashopu a anthu a ku Africa komwe ufa umapezeka, ndicho chifukwa malo ogona okhala ndi kakhitchini amaposa hotelo, mthiko wokha muchoke nawo kuno mu sutikesi yaikulu.