Mantis shrimp m'thanki ya pakhomo: yang'anani mikono yake musanaipatse chakudya

Kuno ku Zomba tinazolowera za m'madzi opanda mchere: matemba ndi makumba a ku Chilwa, ndi nsomba za m'madamu ngati a ku Domasi. Ndiye munthu akabwera kudzafunsa za kaweteredwe ka mantis shrimp m'thanki yagalasi pabalaza, ndimayamba kumuuza kuti nyamayi kwawo ndi kunyanja yamchere, monga kugombe la Mozambique ndi Tanzania. Mukaiponya m'madzi a mu Likangala kapena a pampopi, ifa tsiku lomwelo.

Ndi pachibale ndi nkhanu, koma thupi lake ndi lalitali, ndipo mikono yakutsogolo imapindika ngati ya chiswamphika. Maso ali pa timitengo, lililonse limatembenuka palokha. Mitundu yake imaposa 450, koma kwa inu woweta magulu ofunika ndi awiri, ndipo mumawasiyanitsa poona mikonoyo.

Gulu loyamba ndi la zomenya. Chigongono cha mkono chimakhala chotupa ndi cholimba ngati mutu wa chibonga. Yodziwika kwambiri ndi Odontodactylus scyllarus, yobiriwira, ya miyendo yofiira, imene imakula mpaka masentimita 18. Mu 2004 wasayansi Sheila Patek ndi anzake anayeza nkhonya yake n'kupeza kuti imathamanga mamita pafupifupi 23 pa sekondi. Liwiroli limapanga kathovu m'madzi, ndipo kathovuko kakaphulika kamamenyanso chigoba cha nkhono kachiwiri. N'chifukwa chake chala chanu chisalowe m'thanki, imang'amba khungu. Zikuluzikulu zimatha kuswa galasi lopyapyala, choncho thanki ya pulasitiki yolimba yoonekera mkati ndiyo yabwino.

Gulu lachiwiri ndi la zobaya. Mkono wake uli ndi minga yondondozana ngati mano a chipeso. Lysiosquillina maculata, ya mizeremizere ngati mbidzi, ili m'gulu limeneli ndipo imafika masentimita 40. Imabisala mu una wake mumchenga n'kumadikirira nsomba yodutsa. Imeneyi imafuna mchenga wakuya woti ikumbe, pamene yomenya imakhutira ndi miyala ya mphako kapena kachidutswa ka paipi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amapatsa zonse chakudya chimodzi. Yobaya ipatseni zofewa, tizidutswa ta nsomba yaiwisi kapena ta ma prawns a m'nyanja yamchere amene amagulitsidwa oundana m'masitolo akuluakulu. Asungunuke kaye. Yomenya imadyanso zofewazo, koma isamasowe cha chigoba, nkhono kapena nkhanu yaing'ono, choti iswe yokha, pakuti umo ndi mmene imadyera kwawo. Usipa wauwisi mungaupatse mwa apo ndi apo zikavuta, koma usakhale ndiwo za tsiku ndi tsiku. Matemba ouma, bonya, zokazinga ndi zothira mchere wa kukhitchini, ayi ndithu.

Ndikuchenjezeni pa nkhono. Musapite kukatola za m'madambo kapena m'mphepete mwa Chilwa ndi manja. Zina mwa nkhono za m'madzi athuwa ndi zimene zimafalitsa likodzo, komanso zikalowa m'madzi amchere zimafa msanga n'kuwola.

Kudyetsa kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira. Gwiritsani kamtengo kataliko kapena chopanira, muike chakudya pakhomo pa una. Chimene chatsala muchotse tsiku lomwelo, chifukwa chikavunda chimaononga madzi. Ndipo iwetedwe yokha. Nsomba iliyonse imene mungaike m'thankimo mwaipereka ngati chakudya, ndipo ziwiri zikakhala pamodzi nthawi zambiri zimamenyana.

Madzi ake mumachita kupanga: magalamu pafupifupi 35 a mchere wapadera wa m'mathanki a nsomba za m'nyanja yamchere pa lita imodzi ya madzi opanda klorini. Mchere wothira m'ndiwo sugwira ntchito imeneyi. Madzi akaphwa, onjezerani opanda mchere, poti mcherewo suuluka. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa (mkuwa) asayandikire. Amapha nyama zonse za chigoba.

Nyengo yathu nayo muiganizire. Nyamayi imafuna madzi ofunda madigiri 24 mpaka 27, pamene mu June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri, nyumba za ku Zomba zimazizira zedi. Hita ya m'madzi ndi yofunika, ndipo magetsi akazima fundikani thanki ndi bulangete, mukhalenso ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire.

Tsiku lina mudzaona yatseka pakhomo pa una ndi timiyala ndipo ikukana chakudya. Musagwetse una poganiza kuti yafa. Nthawi zambiri imakhala ikufundula, monga imachitira njoka, ndipo thupi limakhala lofewa kwa masiku angapo. Musaidyetse mpaka ituluke yokha, ndipo chigoba chakalecho musachichotse msanga, chifukwa imachidya pomwe chatsopano chikulimba.