Mwana akamanjenjemera mvula ikangoyamba kulira pa malata

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, mdzukulu wanga wa zaka 9 anasiya kugona. Kuno ku Muloza, lole ikangodutsa usiku, iye ankadzambatuka n'kundigwira chitenje: "Agogo, napolo uja!" Koma ndikamufunsa za usiku umenewo, ankangotchula fungo la matope ndi mkokomo, osadziwa chimene chinayamba.

Mantha amatero. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kali ngati mlonda. Zoopsa zikagwa, kamagwiritsitsa phokoso ndi fungo. Pomwe kachigawo kena kotchedwa hippocampus, kamene kamalumikiza malo, nthawi ndi ndondomeko ya zochitika, kamafooka mantha akanyanya. Zimatsala ndi zidutswa zopanda ulusi, ndiye chilichonse chofanana nazo chimadzutsa mantha onse.

Mwana wanu akamatere, musamuuze kuti aiwale, komanso musamukakamize kufotokoza. Dikirani aiyambe yekha nkhaniyo, tsiku lina mukusenda chinangwa kapena mukupita kumjigo. Akaiyamba, muthandizeni kuilunzanitsa: "Titatuluka m'nyumba tinalowera kuti? Anakubereka ndani? Kusukulu kumene tinathawira kuja unadya chiyani m'mawa?" Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, timalola nkhani kuthera pa madzi. Ifikitseni pamene mwana anapulumukira. Wangayu, tsiku limene anakumbukira bulangete lofiira limene mayi wina anamufunditsa, ndinaona mapewa ake akutsika.

Kenako muphunzitseni kusiyanitsa mvula. Yambani masana, ndi mvula yowaza ya chiperoni. Khalani naye pakhonde, muotche chimanga, muzipuma limodzi pang'onopang'ono mpaka mtima wake utasiya kugunda kwambiri. Mufunseni kuti mvula iyi ikusiyana pati ndi ija inagwa masiku angapo osakata. Ayankhe yekha. Bwerezani kangapo, chifukwa ubongo suphunzira tsiku limodzi kuti si mkokomo uliwonse umene uli napolo.

Musamunamize kuti sizidzachitikanso. Tili m'tsinde mwa phiri, ndipo iye akudziwa. Ine ndimamvera naye uthenga wa a zanyengo pa wailesi, ndipo ndinamuonetsa njira yopita kumtunda imene tingathawire.

Ngati maloto oopsa, kukodza pogona kapena kukana sukulu zapitirira mwezi, pitani naye kuchipatala mukafotokoze zonse.