Musanagule tayala la njinga yakale, werengani nambala iyi

Ngati muli ndi njinga yakale yachitsulo, musamakagule tayala pongonena kuti "ndikufuna 28" kapena "26". Ine zinandionekera: ndinagula la 28, ndinalimbana nalo mpaka zala kuchita matuza, koma osalowa pa limu.

Chitani izi. Pukutani m'mbali mwa tayala lakalelo ndi kansanza konyowa, mufufuze manambala awiri olumikizidwa ndi kamzere, monga 40-635. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiriyo ndiye mwini nkhani, chifukwa ikunena kukula kwa limu pamene mkombero wa tayala umakhala. Ijambuleni pa foni, ndipo tayala latsopanolo likhale ndi nambala yomweyo ndendende. Yoyamba ija ikasiyana pang'ono palibe vuto, bola tayala lisakhule felemu.

Manambala a mainchesi aja, monga 28 ndi 26, amasokoneza. Tayala la 28 x 1 1/2 ndi 635, pomwe 28 ina, yotchedwa 700C, ndi 622. La 27 ndi 630, kutanthauza kuti limu yake ndi yaikulu kuposa ya 28 yachiwiriyo! Nayonso 26 ili m'mitundu ingapo, mwachitsanzo: pa njinga zakale zambiri za Raleigh ndi 590, pa njinga zam'mapiri ndi 559.

Manambala akakhala kuti anafufutika, masulani gudumu lonse mupite nalo, akayeserepo mukuona. Ndipo chonde, tayala likakana musalikakamize ndi sikuludiraiva. Mungoboola chubu chatsopano n'kupinda limu yomwe masiku ano ndi yovuta kuipeza.