Lensi yakale ndi RAW, kukonza zithunzi osalipira pulogalamu

Anzanga a ku Ulongwe ndi kuno ku Tete, mukapeza lensi yakale ngati Helios 44-2 ija ya 58mm ya ku Soviet Union musaitaye ayi, ingogulani adaputala ya M42 (kachitsulo kolumikiza lensi zomanga mopotokola ngati imeneyi) yogwirizana ndi kamera yanu basi. Fokasi ndi ya pamanja, pa f/2 (lensi itatseguka yonse) imavuta kulasa, yambani ndi f/4 (yotsekako pang'ono) kaye.

Jambulani mu RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona, zisanakonzedwe) osati JPEG. Dzuwa la kuno si masewera, masana pa mlatho wa Samora Machel madzi a Zambezi amangoti mbuu, ndiye tsitsani exposure (kuwala kwa chithunzi) pang'ono pojambulapo, mithunzi mukaikweza pa kompyuta koma poyera pakapsa papsa.

Ikani pa kompyuta pulogalamu yokonzera zithunzi ya darktable kapena RawTherapee, zonse n'zaulere. Mu darktable yambani exposure, white balance (kuti choyera chioneke choyeradi), kenako chida cha filmic rgb kuti mitambo ioneke. Pa lens correction (chida chokonza zolakwa za lensi monga kamdima ka m'makona a chithunzi) pali kamsampha, lensi yakale siuza kamera dzina lake ndiye muisankhe nokha pamndandanda, ikasowa ingosiyani, ine kamdima ka m'makona kaja ndimakakonda. Malensi amenewa akayang'ana dzuwa chithunzi chimafuwa, onjezerani contrast koma musapyole.

RAW yanu siisintha, zomwe mwakonza darktable imasunga mu kafayilo ka xmp, musakafufute. Mukatha tulutsani JPEG yotumiza pa WhatsApp.