Keyagulupu m'mudzi: kusankha mavolontiya, kugawa makomo ndi kupeza thandizo la boma

Keyagulupu, gulu la mavolontiya oyendera makomo ndi uthenga wa kadyedwe koyenera, imayamba ndi kuwerenga makomo. Anyakwawa, mamembala a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi mlangizi wa zaumoyo ayende mudzi wonse n'kulemba khomo lililonse lomwe pali mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa kapena mwana wosakwana zaka zisanu. Makomowo agawidwe m'timagulu ta makomo 10, akachulukitsa 15, potsata kuyandikana kwa nyumba. Kagulu kalikonse kamasankha munthu mmodzi woti azikayendera, ndipo osankhidwawo akakwana 10 mpaka 15 ndiwo amapanga keyagulupu imodzi. Gulu limodzi lotere limafikira makomo 100 kapena kuposerapo, koma aliyense atasenza gawo loti alikwanitsa.

Njirayi inayambira ku Mozambique, m'chigawo cha Gaza, m'chaka cha 1995, ndi bungwe la World Relief. Kuno kwathu ku Malawi boma linaitenga kuti izifikitsa uthenga wa kadyedwe koyenera pakhomo ndi pakhomo, makamaka dziko litalowa mu ndondomeko ya mayiko yotukula kadyedwe koyenera ya SUN mu 2011, yomwe imayang'ana masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Chifukwa chake n'chodziwika. Cholinga cha boma ndi choti mlangizi wa zaumoyo mmodzi aziona anthu 1,000, koma ambiri ali ndi anthu oposa pamenepo, ndipo sangalowe m'nyumba iliyonse mwezi ndi mwezi. Pomwe kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira.

Posankha mavolontiya ndi pamene magulu ambiri amaonongekera. Wosankha akhale eni makomowo, atakhala pansi paokha, mfumu ingochitira umboni. Mayina akachokera kubwalo la mfumu, kawirikawiri mumalowa achibale ndi anthu omwe amva mphekesera yoti kukubwera alawansi, ndipo alawansiyo ikapanda kuoneka, pofika mwezi wachitatu msonkhano umakhala wa anthu anayi. Musasankhenso munthu yemwe ali kale m'komiti ya mjigo, ya sukulu, ya nkhalango ndi ya kumpingo. Anthu otere amavomera msanga chifukwa anazolowera, koma nthawi alibe. Funani munthu wokhazikika m'mudzi, wosunga chinsinsi, yemwe amayi anzake angamuuze za mimba ya miyezi iwiri osaopa kuti mawa zimveka pachitsime. Kudziwa kulemba n'kothandiza koma si lamulo kwa aliyense, poti mabuku ophunzitsira ndi a zithunzi. Chachikulu pagulupo papezeke awiri kapena atatu otha kusunga kaundula. Abambo alowemonso. Nkhani yosunga mazira, nsinjiro ndi soya kuti zidyedwe pakhomo m'malo mogulitsa zonse imamveka bwino bambo akaimva kwa bambo mnzake. Ndipo wosankhidwa akakambirane kaye ndi akunyumba kwake asanavomere, chifukwa ambiri amasiya ntchitoyi kaamba ka mkangano wa pakhomo.

Pasakhale kukakamiza. Achikulire akukumbukira Sabata ya Achinyamata ndi nthawi ya a Payoniya, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1963 n'kuthetsedwa asilikali atalilanda zida mu December 1993. Misewu inalambulidwa, midadada ya sukulu inamangidwa, koma mantha analipo, ndipo mpaka lero ntchito yopanda malipiro ikabwera ndi chiopsezo anthu amaitcha thangata. Mfumu yomwe ikuti wokana uvolontiya alipe nkhuku imapeza mayina papepala, koma m'makomo simufika munthu.

Tsiku losankha lomwelo anthu auzidwe kukula kwa ntchito, mowerengera. Misonkhano ya gulu ikhale iwiri pamwezi, uliwonse osapitirira maola awiri. Khomo lililonse liyenderedwe kawiri pamwezi, pafupifupi theka la ola. Pa makomo 10 ndiye kuti maola 10 oyendera ndi maola 4 a misonkhano. Mukaonjeza kuyenda ndi malonje, ndi maola anayi kapena asanu pasabata. Zikapyola apa, ntchitoyo yayamba kudya munda wa munthu. Mavuto amabwera chifukwa aliyense wofika m'mudzi ndi pulogalamu yake amathamangira kwa anthu omwewa: lero kalembera wa masikito, mawa kuitanira anthu katemera, mkuja kuwerenga zimbudzi. VDC ili ndi mphamvu yonena kuti ntchito yatsopano idzere kwa mlangizi, ndipo ikalowa ina, ina ichepe.

Kuyambira December mpaka February anthu amakhala kumunda, kupalira ndi kubandira. Msonkhano utha kukhala umodzi pamwezi, koma kuyeza ana musasiye, chifukwa miyezi yomweyi ndiyo ya njala, malungo ndi kutsegula m'mimba, pamene ana amanyentchera kwambiri.

Tsono boma limapereka chiyani? Malipiro ayi, ndipo izi zinenedwe poyera pamaso pa onse, mlangizi ali pomwepo. Zomwe gulu liyenera kuyembekezera ndi maphunziro, zipangizo monga mabuku a zithunzi, makaundula ndi timalamba toyezera mkono wa mwana, kuyenderedwa ndi alangizi, komanso kuti mwana yemwe volontiya wamutumiza kuchipatala alandiridwe. Zinthuzi sizigwa zokha. Chiyambire 1998, pamene mphamvu zinayamba kupita kumakhonsolo, chitukuko chimayenda kuchokera ku VDC kupita ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo ya boma, komwe kuli komiti yoona za kadyedwe, DNCC. Gulu lomwe silinalembedwe mu dongosolo la chitukuko la VDC, kukhonsolo salidziwa, ngakhale litagwira ntchito zaka zitatu. Choncho lembani kaundula wokhala ndi dzina la gulu, mudzi, gulupu, tsiku lomwe linayamba, mayina a mavolontiya ndi chiwerengero cha makomo a aliyense. Akhale makope atatu: lina kwa mlembi wa gulu, lina ku VDC, lina kwa mlangizi wa zaumoyo kuti likafike kuchipatala cha dera lanu. Mlangizi wa zaulimi ndi wa zachitukuko aitanidwe pamsonkhano woyamba, poti nkhani za madimba a pakhomo, ziweto ndi banki m'khonde zidzadzera kwa iwo.

Dziwaninso kuti ndalama zambiri za maphunziro ndi zipangizo zimadzera m'mapulojekiti a mabungwe ogwira ntchito ndi khonsolo, ndipo pulojekiti imatha. Funsani pachiyambi pomwe kuti ikutha liti, ndipo bungwelo likachoka, gulu lidzatsala m'manja mwa yani. Yankho likhale dzina la udindo wa mlangizi wa boma, osati lonjezo chabe.

Pakati pa alangizi ndi magulu pamakhala pulomota, nayenso wongodzipereka, yemwe amalandira phunziro kwa alangizi n'kukaliphunzitsa pamsonkhano wa keyagulupu. Phunziro likhale limodzi pa msonkhano umodzi. Ngati ndi la kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, likhale lomwelo basi. Magulu 6 a zakudya adikire ulendo wina. Akatha kufotokoza, mavolontiya akhale awiriawiri, wina akhale mayi wapakhomo wina mlendo, ayeserere, pulomota akumvetsera. Gawo ili ndi lomwe anthu amakonda kulidumpha dzuwa likapendeka, koma ndi pamene zolakwika zimagwidwa. Uthenga umadutsa pakamwa patatu usanafike kwa mayi, ndipo mawu oti mwana ayambe phala pa miyezi 6 amatha kukafika atasanduka oti mwana asiye bere pa miyezi 6.

Kuyeza mkono kumafuna kuphunzitsidwa ndi manja, kangapo. Kalamba kamagwira ntchito pa ana a miyezi 6 mpaka 59. Pindani mkono wamanzere, pezani pakati pa nsonga ya phewa ndi chigongono, kenako mkonowo uwongoke ndi kulendewera momasuka musanazungulize kalambako. Kakhudze khungu popanda kufinya. Mukakoka kwambiri, mwana wabwinobwino amaoneka wodwala. Mukalekerera, wonyentchera amapulumuka m'maso mwanu. Kalambako kali ndi mitundu itatu: kobiriwira ndi kuyambira masentimita 12.5 kupita m'mwamba. Kachikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, mwana wayamba kunyentchera ndipo akaonedwe ndi mlangizi sabata yomweyo. Kofiira, pansi pa 11.5, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Onaninso mapazi: dinikizani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge masekondi atatu. Pakatsala zibowo mbali zonse, mwanayo watupikana chifukwa cha kusowa zakudya, ndipo apite kuchipatala ngakhale kalamba kataonetsa kobiriwira. Makolo ambiri amaona kutupako ngati kunenepa, ena amathamangira kwa asing'anga, n'chifukwa chake volontiya aziperekeza kapena kubwereranso mawa lake kukaona ngati apitadi.

Ntchito ya volontiya imathera pa kuona, kulangiza ndi kutumiza. Sapereka mankhwala, sasunga chiponde kunyumba kwake, sabereketsa. Mwana wotentha thupi, wotsegula m'mimba kapena wopuma mobanika apite kukiliniki ya m'mudzi kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Kakalata kotumizira kakhale ndi dzina la mwana, msinkhu, mudzi ndi chomwe chaoneka, ndipo mlangizi azibweza mawu pa zomwe zapezeka. Volontiya yemwe watumiza ana atatu osamva kanthu amaleka kutumiza.

Alawansi ndi njinga zaphwasula magulu ambiri kuposa ulesi. Kukabwera maphunziro a kuboma okhala ndi ndalama ya thiransipoti ndi nkhomaliro, opita asakhale omwewomwewo; gulu lilembe mndandanda wosinthana, ndipo obwerako aphunzitse anzawo pamsonkhano wotsatira. Njinga, ambulera, zikwama kapena mapoto a chionetsero cha kaphikidwe zikaperekedwa, tsiku lomwelo palembedwe ngati ndi za munthu kapena za udindo, amene azikonza zikaonongeka, ndi komwe zidzapite mwiniyo akasiya. Mfumu ndi wapampando wa VDC asayine. Popanda pepala limeneli, pulomota wosiya ntchito amapita ndi njinga, wolowa m'malo n'kumayenda wapansi midzi itatu.

Mudzi nawo uli ndi zomwe ungachite osadikira khonsolo. Mfumu itha kumasula mavolontiya ku ntchito zina zachitukuko, monga kututa mchenga ndi kuumba njerwa, poti gawo lawo akupereka kale. Pakabwera mbuzi kapena nkhuku zopatsirana, gulu litha kupempha kudzera kwa mlangizi wa zaulimi kuti liganiziridwe. Banki m'khonde imagwira anthu kuti asamajombe, koma ili ndi vuto lake: masheya ndi ngongole zimadya nthawi yonse, phunziro n'kukhala la mphindi zisanu anthu ataimirira kale. Yambani ndi phunziro, bokosi litsekulidwe pomaliza.

Malipoti akhale aafupi: makomo omwe ayenderedwa, amayi oyembekezera atsopano, ana obadwa, ana oyezedwa ndi mtundu womwe kalamba kaonetsa, otumizidwa kuchipatala ndi omwalira. Osadziwa kulemba anene pakamwa pamsonkhano, mlembi alembe. Pulomota aphatikize ndi kupereka kwa mlangizi mwezi usanathe. Lipoti loonetsa kuti makomo onse ayenderedwa mwezi uliwonse, ngakhale mu January, ndi lokayikitsa, ndipo mlangizi asankhe makomo awiri kapena atatu akafunse yekha kuti phunziro la mwezi uno linali lotani. Kukalipira wojomba pagulu kumangobala manambala abodza. Ndi bwino kumufunsa padera chomwe chamutchinga.

Ena adzasiya ndithu, kaamba ka ukwati, matenda, kusamuka kapena ulendo wa ku Joni. Munthu akajomba misonkhano itatu yotsatizana popanda uthenga, pulomota amuyendere. Akatsimikiza kuti wasiya, makomo ake omwewo asankhe wina mwezi usanathe, alandire buku ndi kalamba, ndipo ayende ndi volontiya woyandikana naye maulendo awiri oyamba. Dzina latsopanolo lisinthidwe m'makope onse atatu a kaundula, chifukwa oitanidwa ku maphunziro amatengedwa pa mndandanda womwe uli kwa mlangizi.